Mmene mungauzire mnzanu za Yesu mopanda mantha kapena manyazi

Kuno ku Malawi kunena kuti ndinu Mkhristu si nkhani yovuta. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 77 amati ndi Akhristu. Misonkhano ya boma imayamba ndi pemphero, minibasi zambiri zinalembedwa mavesi kumbuyo, ndipo Gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa aliyense ufulu wa chipembedzo. Palibe amene angakutsekereni m'chitokosi chifukwa mwatchula dzina la Yesu. Komabe ambiri a ife tagwira ntchito ndi munthu zaka zambirimbiri, tadya naye nsima, tamuperekeza ku maliro a mayi ake, koma sitinamuuzepo ndi kamodzi komwe chimene Yesu anatichitira. Lamulungu timaimba mokweza mawu, Lolemba pakamwa n'kulemera.

Paulo analembera Akhristu a ku Roma kuti: "Pakuti Uthenga Wabwino sundichititsa manyazi, pakuti uli mphamvu ya Mulungu yakupulumutsa munthu aliyense wakukhulupirira" (Aroma 1:16). Anthu amenewo ankakhala mu likulu la ufumu umene unapachika Yesu, kumene mtanda unali chilango cha akapolo ndi zigawenga. Kunena kuti Mbuye wako anafera pamtanda kunali kudziitanira chitonzo. Paulo sakanalemba mawuwa zikanakhala kuti chochititsa manyazi panalibe.

Malangizo awa ndalembera Mkhristu wamba, osati mlaliki wa pamsika kapena wa m'basi. Ntchito yawo ndimailemekeza. Koma kulankhula kwa anthu amene simudzaonananso nawo kumapepuka poyerekeza ndi kulankhula kwa mlamu wanu amene amakudziwani mukapsa mtima. Kulimba mtima kumene ambiri tikusowa ndi kwachiwiriku, ndipo kumaphunzirika.

1. Dziwani chimene chimakutsekani pakamwa

Khalani pansi panokha, muganizire munthu mmodzi amene mwakhala mukufuna kumuuza za Yesu. Kenako dzifunseni: ndikati ndiyambe, chimandigwira n'chiyani?

Ena amaopa kusekedwa. Amadziwa kuti akangotchula za Mulungu kuntchito, dzina lawo lisintha tsiku lomwelo, azingomva "Abusa afika, bisani mabotolo." Ena amaopa mafunso, poti Baibulo salidziwa bwino. Ena chimawagwira ndi ulemu, chifukwa tinaleredwa kuti mwana saphunzitsa wamkulu ndipo mkamwini sachulutsa mawu kwa apongozi. Palinso ena, ochuluka kuposa mmene timavomerezera, amene chimawatseka pakamwa ndi moyo wawo womwe. Mnzawoyo amadziwa kumene anali Loweruka usiku, kapena ndalama zimene anamubwereka sanamubwezere.

Chitchuleni chanucho mosadzinyenga, chifukwa chilichonse chili ndi kothera kwake m'munsimu. Ndipo musadzione ngati wolephera. Usiku umene Yesu anagwidwa, amene anachititsa Petro kukana Mbuye wake sanali msilikali wa lupanga. Anali mdzakazi wa mkulu wa ansembe, Petro akuwotha moto pabwalo (Marko 14:66-72). Sipanapite nthawi yaitali, Petro yemweyo anaimirira pamaso pa akuluakulu omwe anaweruza Yesu, n'kuwauza kuti sangathe kuleka kulankhula zimene anaziona ndi kuzimva (Machitidwe 4:20). Chibadwa chake sichinasinthe. Iye anali ataona Yesu wouka kwa akufa, atakhululukidwa, ndiponso atalandira Mzimu Woyera.

2. Pemphani kulimba mtima, ndipo tchulani maina

Petro ndi Yohane, amene akuluakulu aja anawamanga n'kuwaopseza chifukwa cholalikira za Yesu, atamasulidwa anapita kwa anzawo, onse n'kupemphera. Taonani chimene anapempha pa Machitidwe 4:29. Sanapemphe kuti oopsezawo afe kapena asamuke. Anapempha kuti Mulungu awapatse kulankhula mawu ake molimba mtima. Paulo nayenso, ali m'maunyolo, anapempha Akhristu a ku Efeso kuti amupempherere zomwezo (Aefeso 6:19-20). Ngati Paulo ankafuna kupemphereredwa kuti asachite mantha, ndiye kuti kulimba mtima ndi chinthu chopempha, si mphatso ya anthu olongolola okha.

Tengani kapepala, mulembepo maina atatu a anthu amene mumaonana nawo sabata iliyonse. Atatu okha. Mukalemba makumi awiri simupempherera ndi mmodzi yemwe. Kapepalako kaikeni m'Baibulo kapena lembani mainawo m'foni, ndipo m'mawa uliwonse muwatchule pamaso pa Mulungu. Pemphani kuti akutsegulireni khomo la mawu monga Paulo anapemphera pa Akolose 4:3, kuti akupatseni chonena, ndiponso kuti akupatseni chikondi chenicheni pa munthuyo. Chachitatuchi musachidumphe. Munthu amadziwa msanga ngati mukumufuna iyeyo kapena mukungofuna kuti mukanene ku tchalitchi kuti mwatembenuza wina.

Pezaninso mnzanu mmodzi wa ku mlaga, ku mphakati, ku Mvano kapena ku gulu la achinyamata, muuzane mainawo. Yesu ankatuma ophunzira ake awiriawiri (Marko 6:7). Mukadziwa kuti Lachinayi wina akufunsani kuti "Nanga alamu aja munayankhula nawo?" ulesi umachepa.

3. Konzani zimene munthuyo amakudziwa nazo

Ngati muli ndi ngongole kwa munthu amene mukufuna kumuuza za Yesu, bwezani kaye. Ngati simungathe kubweza yonse, pitani mukamuuze tsiku limene mudzabweze, ndipo tsikulo likafika musazime foni. Ngati munamunyoza pagulu, kapepeseni. Ngati mumagulitsa naye pamsika ndipo amaona mmene mumaboolera mbale yoyezera kapena kupinda sikelo, lekani zimenezo musanatsegule pakamwa.

Kupepesa koteroko nthawi zambiri ndiko kumatsegula nkhani. Munthu akadabwa kuti bwanji mwabweza ndalama zimene iye anali atazitaya kale mumtima, muuzeni zoona: "Ndakhala ndikupemphera, ndipo mtima wanga sunandipatse mtendere pa nkhani imeneyi." Mwayamba kale kuchitira umboni.

Koma musadikire kuti mukhale wangwiro. Mayi wa ku Samariya uja amene anakumana ndi Yesu pachitsime, mudzi wonse unkadziwa mbiri ya maukwati ake, komabe anasiya mtsuko pachitsime n'kukaitana anthu, ndipo ambiri anakhulupirira chifukwa cha mawu ake (Yohane 4:28-39). Simukuuza anthu kuti ndinu wabwino. Mukuwauza za amene amakhululukira anthu ngati inu.

4. Dziwani uthengawo m'mawu ochepa

Apa ndi pamene ambiri timasokera. Timaganiza kuti tikuuza munthu Uthenga Wabwino pamene tikumuuza za mpingo wathu, za abusa athu odzozedwa, za kwaya yathu, kapena za kusiya mowa. Zinthu zimenezi zili ndi malo ake, koma si uthengawo. Paulo anaufupikitsa pa 1 Akorinto 15:3-4: Khristu anafera machimo athu monga mwa malembo, anaikidwa m'manda, ndipo anauka tsiku lachitatu.

Yesani kuunena m'mawu anuanu, ngati mukucheza ndi mnzanu pakhonde. Mwina motere: "Mulungu anatilenga ndipo amatikonda. Tonse tinamupandukira, ine ndi iwe yemwe, ndipo palibe chabwino chimene tingachite chofufuta mlanduwo. Yesu anasenza mlandu wathu pamtanda, anafa, anauka, ndipo ali moyo lero. Aliyense wolapa ndi kumukhulupirira amakhululukidwa n'kuyamba moyo watsopano." Nenani mokweza muli nokha, kangapo, mpaka lilime lizolowere. Mawu amene simunawatulutsepo pakamwa sadzatuluka tsiku limene mtima ukugunda.

Lowezani mavesi ochepa ndi malo ake, kuti muzitha kutsegula n'kumuonetsa munthuyo aziwerenga yekha: Yohane 3:16, Aroma 3:23, Aroma 5:8, Aroma 6:23 ndi Aefeso 2:8-9. Amenewa akukwanirani poyamba. Ngati mnzanuyo Chichewa cha Buku Lopatulika chimamulemera, gwiritsani ntchito Buku Loyera, lomwe linatuluka mu 1998 m'chiyankhulo chapafupi ndi chimene timayankhula masiku ano.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse: musalonjeze zimene Yesu sanalonjeze. Musauze munthu kuti akalandira Yesu apeza ntchito, akwatiwa, visa ituluka, kapena matenda atha sabata yomweyo. Mulungu amachiritsa ndipo amapatsa, koma Yesu ananenanso kuti womutsata adzikane yekha, asenze mtanda wake (Marko 8:34). Anthu ambiri amene lero safuna kumva za tchalitchi analonjezedwa chuma n'kungotsala ndi ngongole. Ndipo musauze wodwala aliyense kuti asiye mankhwala, kaya ma ARV, kaya a shuga, kaya a BP, pofuna kuonetsa chikhulupiriro. Kumeneko ndi kupha munthu.

5. Konzani umboni wanu

Munthu akhoza kutsutsana nanu za chiphunzitso mpaka dzuwa kulowa, koma n'kovuta kuti atsutse zimene zinakuchitikirani. Munthu wobadwa wosaona uja amene Yesu anamuchiritsa, atapanikizidwa ndi Afarisi sanalowe m'mikangano yawo. Anangoti chimodzi chokha akuchidziwa, kuti anali wosaona koma tsopano akupenya (Yohane 9:25). Paulo pamaso pa mfumu Agripa anafotokoza moyo wake wakale, mmene anakumanirana ndi Yesu pa njira ya ku Damasiko, ndi zimene zinatsatira (Machitidwe 26). Tsatani njira yomweyo: ndinali wotani, Yesu ndinamudziwa bwanji, chasintha n'chiyani.

Ulembeni papepala, kenako muufupikitse kuti uzitha m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Chotsani mawu amene amamveka m'tchalitchi mokha. Mnzanu wa pa gireji mukamuuza kuti "ndinasambitsidwa m'mwazi wa Mwanawankhosa" sadziwa kuti mukunena chiyani, mwinanso achita mantha. Muuzeni kuti munali ndi chidani ndi bambo anu kwa zaka zambiri, ndipo mutadziwa kuti Mulungu wakukhululukirani munapeza mphamvu yopita kukawaona. Zimenezo azimva.

Musakometsere. Pali chizolowezi choipa m'misonkhano ina yachitsitsimutso choti umboni wokoma ndi wa munthu amene anali mfiti youluka pa lichero kapena chigawenga choopsa, mpaka ena amawonjezera nkhani kuti anthu aombe m'manja. Bodza silingatumikire Mulungu wa choonadi. Ngati munakulira m'banja lopemphera, munalowa Sande sukulu, munaphunzira kalasi, munabatizidwa, ndipo simukumbukira tsiku lenileni limene munatembenuka mtima, umboni wanu ndi womwewo. Timoteo anadziwa malembo kuyambira ali mwana kudzera mwa agogo ake a Loisi ndi mayi ake a Yunike (2 Timoteo 1:5, 3:15). Nenani za nthawi imene chikhulupiriro cha makolo anu chinasanduka chanuchanu, kapena za mmene Yesu anakugwirirani dzanja mwana atamwalira, ntchito itatha, banja litagwedezeka.

Musaderere kuchepa kwa maphunziro anu. Malemu Stephen Lungu, amene anatsogolera bungwe lofalitsa Uthenga Wabwino la African Enterprise kuno ku Malawi ndipo anatisiya mu 2021, anali mnyamata wa m'misewu ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Mu 1962 anapita ku msonkhano wa mu tenti ku Highfield ndi anzake a gulu lachiwembu, atanyamula mabomba a petulo kuti akauotche. Anamva uthenga, analapa usiku womwewo, ndipo kutacha anayamba kuuza anthu m'basi zimene zinamuchitikira, asakudziwa n'kuwerenga bwino komwe. Sukulu inabwera pambuyo.

6. Yambitsani nkhani

Ili ndiye gawo limene ambiri timaliopa, choncho tikhalitsepo.

Yambani ndi kumvetsera. Filipo atakumana ndi nduna ya ku Itiyopiya ija, anayamba wamva zimene ikuwerenga, kenako n'kufunsa ngati ikumvetsa (Machitidwe 8:30). Yesu pachitsime anayamba ndi kupempha madzi. Anthu amatulutsa zakukhosi tsiku ndi tsiku: pa mjigo, ku chigayo, pamzere wa feteleza, mukudikira minibasi kuti idzaze, pa nkhomaliro kuntchito, ku banki m'khonde. Wina akuti sakugona chifukwa cha fizi ya mwana. Wina akuti akuopa kuti abale ake akumulodza. Wina wangoti, "Moyo uno ndatopa nawo." Ife timayankha kuti "Zichitika, limbani mtima," nkhani n'kuthera pomwepo. Khomo linali lotsegula.

Pamalo potero yesani mawu ngati awa: "Pepani kwambiri. Kodi mungandilole ndikupempherereni?" Anthu okana kupemphereredwa ndi ochepa. Ngati malo alola, pempherani pomwepo, mwachidule, ndi mawu apansipansi, osamugwira mutu kapena kukuwa kuti anthu atembenuke. Patapita masiku, mufunseni kuti nkhani ija ili pati. Kufunsako kumamuuza kuti simunangoponya mawu.

Njira ina ndi funso. "Iwe, za Mulunguzi umaziona bwanji?" Kapena, kwa amene anasiya kupemphera: "Kale unkapita ku tchalitchi, chinachitika n'chiyani?" Mukafunsa, khalani chete mumve yankho lonse, ngakhale likhale lowawa. Musamudule pakamwa kuti muteteze mpingo. Akamaliza, pemphani chilolezo: "Ndingakuuze zimene zinandichitikira ineyo?" Munthu amene mwamumvetsera kwa mphindi khumi sakukanizani mphindi zitatu.

Ndipo nthawi ikafika, tchulani dzina la Yesu mosapita m'mbali. Ambiri timathera pa "Mulungu ndi wabwino" kapena "Wam'mwambamwamba atithandiza," mawu amene aliyense amavomera popanda kusuntha. Dzina la Yesu ndi limene limalemera pakamwa, ndipo ndi limene munthuyo akufunika kulimva.

Malo awiri afunika kusamala. Pamaliro, pitani kukakhuza, khalani pa siwa, thandizani ntchito, imbani nawo. Musasandutse chisoni cha anamfedwa kukhala mwayi woopsezera anthu za moto, ndipo musaweruze kumene malemu apita. Mudzabwerenso patatha sabata ziwiri kapena zitatu, anthu onse atabalalika, nyumba ili zii. Nthawi imeneyo ndi imene wamasiye amafuna munthu wocheza naye. Kuchipatala nakonso, pemphani chilolezo kwa wodwala ndi womudikirira, lemekezani nthawi ya madokotala ndi anamwino, ndipo musachedwe.

Za pa WhatsApp ndi Facebook ndinene mwachidule. Kutumiza chithunzi cha vesi m'magulu khumi m'mawa uliwonse si kuchitira umboni, makamaka mauthenga aja oti "tumiza kwa anthu 20 udalitsike." Uthenga umodzi wolembera munthu mmodzi, womutchula dzina ndi vuto lake, umapita patali.

7. Mukamayankhula ndi akuluakulu

Ulemu sutsutsana ndi kulimba mtima. Petro analangiza kuti tikhale okonzeka nthawi zonse kuyankha aliyense wotifunsa za chiyembekezo chathu, koma mofatsa ndi mwaulemu (1 Petro 3:15). Paulo anauza Timoteo kuti mkulu asamudzudzule mwaukali, koma amudandaulire ngati bambo wake (1 Timoteo 5:1).

Kwa bambo anu, amalume, agogo kapena apongozi, musayambe nkhani pagulu pamene angachite manyazi pamaso pa ana. Apezeni ali okha, khalani pansi monga mwa mwambo, mupemphe: "Bambo, ndili ndi kanthu kamene kakhala kakundisowetsa mtendere, ndimati ndikuuzeni ngati mungandilole." Lankhulani za inu mwini, osati za zolakwa zawo. Agogo amene maso anafooka mungawapemphe kuti muziwawerengera chaputala chimodzi madzulo. Ngati mwambo wa kwanu sulola kuti mukhale pafupi ndi apongozi, musauswe. Pemphani mkulu wa mpingo wa msinkhu wawo kuti akacheze nawo, inu muzipemphera ndi kuwasamalira.

Mayi amene amuna ake sapemphera awerenge 1 Petro 3:1-2, pamene akuti mwamuna akhoza kukopeka ndi makhalidwe popanda mawu. Kulalikira mwamuna usiku uliwonse kumangoumitsa mtima wake. Kuntchito, nthawi ya abwana ndi ya ntchito. Gwiritsani ntchito nthawi yopuma kapena ya poweruka. Ndipo ngati bwana ndinu, samalani koposa, chifukwa wantchito wanu akhoza kuvomera chilichonse poopa kuchotsedwa. Muuzeni momveka kuti ntchito yake siidalira yankho lake.

8. Mafunso ovuta akabwera

Abwera ndithu. Lamulo loyamba ndi ili: ngati yankho simukulidziwa, nenani kuti "Funso limenelo ndi labwino, ndilibe yankho lero, ndikafufuze ndidzakuuze." Kenako kafunseni abusa, akatekisiti kapena mkulu wa mpingo, ndipo mubwerere nalo yankholo. Kupeka yankho kumagwetsa zonse zimene mwanena kale.

Ena adzati, "Azibusa ndi akuba, amangofuna chakhumi." Musakane zimene aliyense akuziona. Vomerezani kuti alipo odyera anthu masuku pamutu m'dzina la Mulungu, ndipo muonetseni kuti Yesu mwini anachenjeza za aneneri onyenga ovala ngati nkhosa (Mateyu 7:15). Kenako mufunseni ngati anapezapo chinyengo mwa Yesu mwiniyo.

Ena adzati Chikhristu ndi chipembedzo cha azungu. Zoona, kuno uthenga unafika ndi amishoni a ku Ulaya, ndipo si zonse zimene azungu anachita m'dziko muno zinali zabwino. Koma amene ananyamula mtanda wa Yesu, Simoni wa ku Kurene, anali wochokera kudera limene lero ndi Libya. Nduna ya ku Itiyopiya inabatizidwa Paulo asanayambe maulendo ake. Augustine, mmodzi wa aphunzitsi akuluakulu a mpingo, amene anamwalira mu 430, anali wa kudera limene lero ndi Algeria. Ngakhale kwathu kuno, amene anatsegula njira pakati pa Angoni a M'mbelwa anali William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa, amene anafika mu 1876 ndipo anamwalirira ku Njuyu mu 1886.

Funso lolemera koposa ndi la masautso. Munthu amene anataya ana ake m'matope a namondwe wa Freddy ku Chilobwe mu Malichi 2023 akakufunsani kuti Mulungu anali kuti, musathamangire kuyankha, ndipo chonde musanene kuti chinali chilango. Yesu atakamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, anakana kuti iwo anali ochimwa kuposa ena (Luka 13:4-5). Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye chete. Analakwa atayamba kufotokoza. Lirani naye munthuyo. Nthawi ikadzakwana, mudzamuuze kuti Mulungu amene timamupembedza anaona Mwana wake akufa, ndipo manda sanakhale mathero.

Ndi anzathu Achisilamu, amene ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno ndipo m'maboma ngati Mangochi ndi Machinga ndiwo ochuluka, musayambe ndi kunyoza mtumiki wawo kapena buku lawo. Nkhani ithera pomwepo, ubale n'kuonongeka. Iwo amalemekeza Yesu, amene amamutcha Isa mwana wa Mariamu, ngati mneneri, koma savomereza kuti ndi Mwana wa Mulungu kapena kuti anafa pamtanda. Dziwani kusiyana kumeneku ndipo musakubise. Afunseni zimene amakhulupirira, mumvetsere, kenako apempheni kuti muwerenge limodzi Uthenga Wabwino wa Luka. Mwamuna acheze ndi mwamuna, mayi ndi mayi mnzake. Baibulo lanu musaliike pansi kapena kulipinda m'thumba la kumbuyo, chifukwa kwa iwo buku loyera siligwiridwa motero. Kumbukiraninso kuti Msilamu akatsata Yesu akhoza kutaya abale ndi pokhala, choncho musamukakamize, ndipo musafalitse nkhani yake.

9. Akakusekani kapena kukana

Zidzachitika, ndipo zimawawa. Paulo atalalikira ku Atene za kuuka kwa akufa, ena anaseka, ena anati adzamvanso tsiku lina, ndipo ochepa anakhulupirira (Machitidwe 17:32-34). Yembekezerani magulu atatu omwewo.

Munthu akati sakufuna kumva, lekani. Nenani kuti, "Chabwino, ndamva. Ukadzafuna kuti tikambirane, ndilipo." Mawa mupatseni moni monga kale, mubwerekeni khasu monga kale, mukamuone akadwala. Akaona kuti ubwenzi wanu unali nyambo chabe, mwatseka khomo limene wina akanadzalowera. Akakupatsani dzina lachipongwe, musabwezere ndipo musakwiye. Kawirikawiri amene amaseka kwambiri pagulu ndi amene amadzakufunani mseri zinthu zikamuthina.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo anaika m'manda anzawo angapo asanabatize munthu ndi mmodzi yemwe. Woyamba, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Chaka chomwecho mishoni itasamukira ku Bandawe, ntchito ya ku Cape Maclear inatsala m'manja mwake. Paulo anati iye anadzala, Apolo anathirira, koma wokulitsa ndi Mulungu (1 Akorinto 3:6). Kutembenuza mtima wa munthu si ntchito yanu, choncho kukana kwake si umboni woti mwalephera. Dzina lake lisachoke pa kapepala kaja.

10. Akati akufuna kutsata Yesu

Musathamangire kumuuza kuti abwereze pemphero pambuyo panu. Ife Amalawi timavomera zambiri chifukwa cha ulemu, ndipo munthu akhoza kunena "eya" kuti musakhumudwe. Mufunseni kuti afotokoze m'mawu ake zimene wamva: Yesu ndi ndani, anafera chiyani, kulapa n'kutani. Ngati pali posokonekera, bwererani pamenepo modekha. Muuzeninso mtengo wake, kuti pakhoza kukhala chibwenzi chofunika kuthetsa, zithumwa zofunika kutaya, katundu wa eni wofunika kubweza. Akamvetsa ndipo akufunabe, mulimbikitseni kuti apemphere yekha ndi mawu ake, ngakhale akhale osalongosoka, inu n'kumupempherera pambuyo pake.

Ntchito yaikulu imayamba tsiku lotsatira. Mupezereni Baibulo, kapena muthandizeni kuika la Chichewa m'foni mwake. Panganani tsiku limodzi pa sabata loti muziwerenga limodzi Uthenga Wabwino wa Marko, umene uli ndi machaputala 16 okha, chaputala chimodzi nthawi iliyonse. Mukawerenga, funsanani mafunso awiri: ndimeyi ikutiuza chiyani za Yesu, ndipo tichite chiyani sabata ino. Lamulungu musangomulozera kumene kuli tchalitchi. Mukamutenge kunyumba, mukhale naye pa benchi imodzi, mumuonetse kwa abusa kapena akulu a mpingo kuti alowe kalasi yokonzekera ubatizo. Ngati kwanu n'kutali ndipo pafupi ndi iye pali mpingo wina wophunzitsa Baibulo mokhulupirika, mupititseni kumeneko osawerengera kuti si wanu. Ngati ndi wamkazi inu muli wamwamuna, kapena ndi wamwamuna inu muli wamkazi, mupezereni Mkhristu wokhwima woti aziyenda naye, kuti pasakhale chokhumudwitsa kapena mphekesera.

M'masabata oyambirira omwewo mufunseni kuti ndani kwawo amene akufuna kumuuza zimene zamuchitikira. Mupatseni kapepala alembepo maina ake atatu, ndipo mukakumana kuti muwerenge Marko, muziyamba ndi kuwapempherera anthu amenewo.